A Zuze, Amene Zala Zawo Sizinkamva Moto

Apongozi anga aamuna tinawaika m'manda mwezi watha, mvula isanagwe, ndipo mpaka lero ndikangomva lole ikutuluka pamsika wa thonje pa Ngabu ndimasiya munsi mumtondo, n'kuimirira mphuno ili m'mwamba, kununkhiza. Anthu amandiseka. Aseke. Dzina lawo sindinalitchulepo ndi pakamwa panga, mtengwa satero, koma pepala lilibe makutu, ndiye pano ndilemba: anali a Zuze.

Ine ndine mkazi wa mwana wawo wachiwiri, amene anapita kukagwira ntchito ku Halale n'kundisiya ndi khanda, Luwiza. Sukulu ya mishoni ndinalekeza panjira, zolemba zanga n'zokhota, koma ndatsimikiza kuti ndilembe, chifukwa pamaliro anthu anangonena kuti malemuwa ankayendetsa lole ya mwenye wa sitolo ndipo sankamwa kachasu. Zoona zimenezo. Koma munthuyo sanamunene.

Anali aafupi, a dazi, ovala buluku la kaki lomanga ndi chingwe, ndipo chinthu choyamba chimene aliyense ankaona chinali manja. Kuyambira kuzala mpaka m'zigongono khungu linali losalala, lonyezimira ngati chipanda chakale, lopanda ubweya ndi umodzi womwe. Ankatola khala lamoto ndi zala n'kuyatsira kaliwo, osathamanga, khalalo akulitembenuza ngati mtedza. Alendo ankati ndi mankhwala. Iwo ankakwiya nazo zimenezo. Ankati munthu amene samva moto si wamphamvu ayi, ndi munthu amene imfa inayamba kumudya kuyambira kuzala.

Nkhani ya manjawo sanandiuze okha, chifukwa ine ndi iwo sitinkalankhulana. Anandiuza apongozi aakazi, a Nyamalunga. Akuti paunyamata wa amuna awowo, njanji isanalande ntchito za pamadzi, ankasonkhezera moto m'sitima zokwera Shire, kuponya nkhuni m'ng'anjo tsiku lonse. Tsiku lina paipi ya nthunzi inaphulika, anzawo onse anathawira pamwamba, iwo anatsala n'kugwira chitsulo chotsekera ndi manja awiri mpaka chinatsekeka. Sitima inapulumuka, manja anapola, koma kumva kunatsala pachitsulo pomwepo. Ndiye atadzaphunzira za galimoto, nkhondo ya Jeremani itatha, anali makaniko wopanda chida chachikulu cha makaniko. Ankadalira mphuno. Koma ankanena okha kuti mphuno imangokuuza kuti m'nyumba mwalowa mbala, siikuuza kuti yabisala pati. Choncho lole ikakhala pansi pa bwemba wa kuseri kwa nyumba, boneti ili yotsegula, munthu aliyense wodutsa ankamuitana: tandibwerekani dzanja. Wogulitsa mchere, mphunzitsi, ngakhale akuluakulu a mpingo, onse anagwirapo mawaya a lole ija n'kuuza a Zuze kuti wofunda ndi uti. Onse kupatula ine.

Ine ndikakumana nawo panjira ndinkapatuka, n'kugwada patchire nkhope ili kumbali mpaka adutse. Mbale yawo sindinkawapatsira m'manja. Kulankhula kwathu kunkadzera mwa Luwiza, ngakhale anali asanamere ndi dzino lomwe. Ine ndinkati, "Luwiza, uza agogo ako kuti madzi ali kubafa." Iwo ali chapatali, akuyang'ana mwanayo, ankati, "Luwiza, uza amako kuti takhuta." Mwana ali pheee, akuyamwa chala.

Za mawaya ankaphunzitsa aliyense, wofuna ndi wosafuna yemwe, ndipo ine ndinkamvera kuseri kwa nkhokwe. Ankati waya ali ngati njira ya kudambo, ukapanikiza anthu ambiri pakanjira kopapatiza onse amatuluka thukuta. Ankati polumikiza pakakhwepa ndi pamene pamayamba kutentha. Ankati moto wa waya sauthira madzi, umayamba wamasula batire, chifukwa kumeneko ndiye kuli mwini moto. Ndipo ankadana kwambiri ndi madalaivala amene waya akapsa amangoikapo wina wonenepa n'kumapita, osafufuza chimene chamupsereza. Wina wa ku Chikwawa anamuthamangitsa pabwalo lathu ndi handulo yolizira injini. Ankati ameneyo ndi munthu woti mwana akamalira amamutseka pakamwa m'malo moyang'ana chimene chamuluma.

Koma ndewu yawo yaikulu, ya tsiku ndi tsiku, inali ya nsomba. A Nyamalunga kwawo ndi ku Makhanga, ndipo alongo awo ankabwera ndi milamba ya kudambo yowamba mosamaliza. Mayi aja anatulukira kuti lole ikabwera kuulendo injini imakhala yotentha mpaka dzuwa kulowa, ndipo pansi pa boneti sipafika ntchentche, khwangwala kapena galu. Ndiye a Zuze akangopita kukasamba, iwo ankayala milamba yawo pamenepo n'kutseka bwinobwino.

"Nkhabe, ayi! Mwayambanso?" ankakuwa a Zuze akamva fungo. "Iyi ndi galimoto, si thandala loyanikira nsomba!"

"Nanga nkhuni mwanditemera?" ankayankha a Nyamalunga, osadzuka pamphasa. "Mkazi mnzangayu mumamusisita tsiku lonse, mumamumwetsa mafuta, ine ndi mafuta odzola omwe ndilibe. Agwireko ntchito ya pakhomo."

"Mafuta a nsomba akudontha pa mawaya. Makoswe akubwera."

"Makoswe akutsata njere za thonje la mwenye wanu. Milamba yanga muisiye."

Tinkaseka tonse, ndi ine ndemwe ndinkaseka nditabisa nkhope m'nsalu. Palibe ankaganiza kuti nkhani imeneyi ili ndi mano.

Tsiku lenilenilo linali la m'chilimwe, masiku aja amene mchenga umawotcha mapazi m'mawa momwe. Luwiza anali atadwala malungo kwa masiku angapo, masamba onse tinayesa, ndipo m'mawa umenewo anauma thupi m'manja mwanga, maso kutembenuka, thovu kukamwa. Lole inali itapakira kale thonje lopita ku Nsanje, mabelo mpaka pamwamba, ndipo kachipatala ka mishoni kanali komweko, kwa Malemia. Kutsogolo kunali malo a munthu mmodzi yekha. A Nyamalunga anayang'ana amuna awo, anayang'ana ine, kenako anandikankha. "Kwera. Mwambo tidzaukonza ndi nkhuku, mwana sitidzamukonza."

Ndinakhala kumapeto kwenikweni kwa mpando, thupi lopendekera kunja, nsalu yanga ya biriwita nditafunda kumutu kuti tisaonane. Msewu unali wa mabampu okhaokha. Mwana ankatentha pachifuwa panga ngati mbatata yochoka paphulusa, ndipo ine ndinkangoyang'ana kamtsempha ka pakhosi pake, kakugunda, kakugunda, ndikuopa kuphethira. Titapitirira njira yopatukira ku Chiromo, pamalo popanda nyumba, mitengo ya minga yokhayokha, ndinamva fungo. Linali ngati sanza yakupsa yosakaniza ndi mphira. Ndinasuzumira pansi pa nsalu, ndipo ndinaona apongozi akuyang'ana kawotchi ka patsogolo pawo, kamuvi kake kakugwera mbali imodzi lole ikangogunda bampu. Ndinapemphera kuti asaime. Anaima.

Anadumpha, anatsegula kabokosi ka batire, anamasula waya wonenepa uja ndi sipanala, zonsezi ine ndisanapume kawiri. Injini inali zii. Kunangotsala nyenje.

"Luwiza," ndinatero, "uza agogo ako kuti ukufa."

Anali atalowetsa kale mutu m'boneti. Anayankha ali momwemo. "Luwiza, uza amako kuti kumbuyoku kuli thonje. Tikapitiriza chonchi tikafika tonse atatu tili makala."

"Luwiza, uza agogo ako kuti fungolo n'lochepa. Ayendetse msanga, tikafika lisanakule."

Anapitiriza kufufuza. Ndinawaona akununkhiza uku ndi uku, akuyendetsa zala zawo zakufa zija pa mtolo wa mawaya, akugunditsa tsaya pamene tsaya likanafika. Koma mawayawo ankalowa kuseri kwa injini, pampata woti nkhope singalowe, n'kukatulukira pansi pa chiwongolero. Anayang'ana kumsewu, kutsogolo ndi kumbuyo. Panalibe wogulitsa mchere, panalibe mphunzitsi. Ndipo ine ndinkadziwa, chifukwa ndinamvera kuseri kwa nkhokwe, kuti ukamasula batire, waya amayamba kuzizira, ndipo akazizira wolakwa ndi wosalakwa amafanana.

Anabwera mbali yanga. Anaima pafupi kwambiri mwakuti ndinamva fungo la fodya wawo. Anayang'ana Luwiza, anatsegula pakamwa, koma mwanayo anali atatseka maso, mutu uli lende. Panalibe womutuma.

"Amake Luwiza," anatero. "Ndikulankhula ndi inu. Ndipatseni mwanayo, mundibwereke dzanja."

Sindikudziwa kuti ndinatsika bwanji. Ndimangokumbukira kuti zala zathu zinakhudzana pansi pa msana wa mwana, ndipo zawo zinali ngati mtengo. Anakhala pansi pamthunzi wa lole, anatsegula thumba la madzi a injini, anayamba kumunyowetsa mwana kumutu ndi m'khwapa. Ine ndinagona chagada pansi pa chiwongolero, miyendo kunja, pamaso pa apongozi anga, ndipo manyazi amene ndinkayembekeza kuti andipha sanabwere n'komwe.

"Musagwire ndi nsonga," anatero. "Kuseri kwa zala, monga mumachitira pamphumi pa mwana. Mwaupeza mtolo?"

"Ndaupeza."

"Mmodzimmodzi. Woyamba?"

"Wofunda chabe, bambo."

"Limenelo ndi dzuwa. Musiyeni. Wina."

Mawayawo anali okutidwa ndi nsalu yoluka, ena osalala, ena a fumbi. Wachiwiri analinso wofunda chabe. Mwana anabuula, ndipo ine ndinadzuka n'kugunda mutu pachitsulo.

"Ali moyo. Ali ndi ine. Inu bwererani."

Ndinabwerera. Ndinalowetsa mkono mpaka paphewa, ndipo kuseri kwenikweni ndinakhudza wina amene nsalu yake inali yomata ngati phula, ndipo ndinakuwa.

"Ameneyo!" anatero iwo. "Koma musaime pamene mwapsapo. Waya amalira thupi lonse, bala lili pamodzi. Mutsateni kumene kutentha kukukulira."

Ndinamutsata ndi kuseri kwa zala, pang'onopang'ono, ndikuluma mlomo. Kumanja ankazizirako. Kumanzere ankakula, ankakula, mpaka pa kabowo ka m'chitsulo cholekanitsa injini ndi pokhala anthu. Pamenepo nsalu inatha. Ndinakhudza mkuwa weniweni, wamaliseche, utatsamira m'mphepete mwa bowolo, ndipo unandiwotcha chala chapakati, chipsera chake ndili nacho. Pozungulira pake panali nyenyeswa za nsalu yotafunidwa ndi timibulu touma. Ndinatapa pang'ono n'kutulutsa dzanja. M'chikhatho mwanga munali zitosi za makoswe ndi kamunga ka nsomba.

Apongozi anayang'ana kamungako nthawi yaitali. "Milamba ya a Nyamalunga," anatero chapansipansi. Kenako anaseka kamodzi, kuseka kopanda chimwemwe, n'kundibwezera mwana.

Zotsalazo anachita mofulumira koma osadumpha kanthu. Anasolola wayayo poyera. Anandionetsa, ngati kuti tili ndi tsiku lonse, kuti lole ikagunda bampu mkuwa umakhudza chitsulo, moto wa batire n'kuthawira pamenepo m'malo mopita kumene watumidwa. Anadula gawo lonse lopsa, osati pabala pokha, chifukwa ankati nsalu imene yamva moto kamodzi siikhulupirikanso. Timaulusi ta mkuwa tinkawapulumuka m'zala, ndiye anandipatsa ine kuti ndipote monga timapotera chingwe cha mlaza, iwo n'kufinya ndi pulayala mpaka polumikizapo panalimba. Anakulunga ndi mphira wa chubu chakale. Chomangira pamwamba chinasowa, ndipo ine sindinadikire kuti apemphe, ndinang'amba mkawo wa biriwita yanga ndi mano. Kabowo kaja anakaveka mphira mkati kuti chitsulo chisadyenso waya.

Ine mtima unali kale kumsewu. Iwo ayi. Anatenga waya wa batire uja n'kungomukhudzitsa pang'ono pamutu pa batire, akuyang'anitsitsa. Anakhudzitsanso. Sipanathetheke kanthu.

"Mbala yatuluka," anatero. Anamanga, anapukusa handulo, injini inalira.

Nditakwera ndinayamba kudzikokeranso kumapeto kwa mpando, koma anandiletsa. "Sunthirani kuno. Dzanja limodzi pamutu pa mwana, linalo pa wayayo. Aliyense akasintha, nenani."

Tinayenda choncho ulendo wonse wotsala, ine nditawerama, dzanja lamanzere pamphumi pa Luwiza, lamanja pansi pa chiwongolero pafupi ndi bondo la apongozi anga. Pakapita kanthawi ankafunsa, "Waya?" Ine, "Wozizira." "Mwana?" "Wotentha." "Akadali wotentha ndiye kuti akadali nafe." Pa mabampu sankachepetsa. Anayendetsa lole ija monga sindinawaonepo, thonje likugwedezeka kumbuyo, mbuzi zikubalalika, ndipo tinafika kwa Malemia dzuwa litapendeka. Mayi wa pachipatala anamulandira mwana, anamumwetsa kwinini, ndipo a Zuze sanapite kukatsitsa thonje mpaka Luwiza atatsegula maso n'kulira mokwiya, kufuna bere.

Titabwerera kwathu nkhani inali itafika kale. Mtengwa wabwera nsalu ili yong'ambika, mikono ili mafuta okhaokha, atakhala mogundana ndi apongozi ake. Azakhali ena a amuna anga anabwera kudzafunsa, nkhope zili gwa. A Zuze anawamvera mpaka anamaliza, kenako anatulutsa kamunga kaja m'thumba la malaya, anakaika pamphasa, n'kunena kuti wofuna mlandu akayambe ndi makoswe. Nkhuku inaphedwa, akuluakulu anadya, mwambo unabwerera m'malo mwake. A Nyamalunga sanavomerepo. Mpaka lero amati zinali njere za thonje. Koma sabata yomweyo anadzimangira thandala la nsomba kutali ndi bwemba, ndi manja awo, osapempha munthu.

Ndipo ine ndi apongozi tinabwerera kwa Luwiza. Panjira ndinkapatukabe, iwo ankadutsabe osayang'ana. Kungoti lole ikavuta, anasiya kuitana anthu odutsa. Ankakweza mawu ali pansi pa bwemba: "Luwiza, uza amako kuti galimoto ikudwala." Ine ndinkapita, iwo n'kutembenukira kumbali, ndipo ndinkauza mwana wanga waya amene watentha.

Chifuwa chinawagwira a Zuze chaka chino, thonje litangoyamba kugulidwa. Anakana kugona mpaka miyendo inawakana. Luwiza tsopano amayenda, amalankhula, ndipo masana ena anabwera kwa ine kumtondo akuthamanga, n'kundikoka nsalu. "Amama, agogo akuti mubwere mudzaone waya watentha ndi uti." Aka kanali koyamba kuti uthenga wathu aunyamuledi ndi miyendo yake.

Ndinalowa m'nyumba imene ndinali ndisanalowemo chikwatiwire. A Nyamalunga anasuntha kundipatsa malo. Ndinagwada, ndinaika kuseri kwa zala pamphumi pawo, pakhosi, pachifuwa.

"Mwapapeza, amake Luwiza?"

"Paliponse, bambo."

"Ndiye palibe podula," anatero, n'kumwetulira. Anagwira dzanja langa ndi zala zawo zija, analitembenuza, anayang'ana chipsera cha pachala chapakati. "Ichi muzichisunga. Chimamva."

Lole inatengedwa ndi mwenye uja maliro asanathe n'komwe. Ikuyendetsedwa ndi bambo winanso wa ku Chikwawa, ndipo amaigoneka kuseri kwa sitolo, pafupi ndi matumba a chimanga, kumene makoswe amachita kuyenda masana. Ndinamuimitsa pamsewu tsiku lina n'kumuuza kuti aziyang'ana pakabowo kaja. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi, anafunsa ngati ndine makaniko wa boma, anthu anaseka. Ndidzamuimitsanso. Mkawo wa nsalu yanga ukadali mmenemo, ndipo mmenemo mumakwera ana a anthu.

Pansi pa bwemba sipanamere kanthu. Dothi lake ndi lakuda ndi mafuta, lolimba, nkhuku sizipalasapo. Tinjira tiwiri ta matayala tikuonekabe, tikulowa pamthunzi n'kuthera pomwepo. Pamsomali wa pamtengo pakadali timizere ta mphira wa chubu timene anadula n'kusunga, tayamba kuuma, ndipo palibe akufuna kutichotsa. Alongo a a Nyamalunga anabweranso ndi milamba sabata yatha. Chakumadzulo, nthawi imene lole inkafika, ndinawaona a Nyamalunga atanyamula lichero la nsomba, akudutsa thandala lawo osaima, mpaka pansi pa bwemba. Anaima pakati pa tinjira tiwiri tija, lichero lili m'manja, ngati akudikira kuti wina awakalipire. Anadikira. Kenako anabwerera nalo.

Atachoka ndinapita ine. Ndinagwada, ndinaika kuseri kwa zala pa dothi lakuda lija. Linali lozizira.